Katemera wa fuluwenza pakati pa mliri wa corona: ndibayitse kapena ndidikire?

Loweruka, 24 Okutobala 2020

Mayi a Tadala, 07:52
Mwadzuka bwanji abale nonse. Ndangoweruka kumene ku shifiti ya usiku, koma tulo sitikubwera chifukwa pali nkhani yomwe ikundizunguza mutu. A GP, adokotala athu a m'dera, anditumizira uthenga kachiwiri kuti ndikabayitse katemera wa fuluwenza poti ndili ndi mphumu, ndipo kuntchito nako amata pepala pachitseko cha ofesi kuti tonse osamalira okalamba tibayitse. Chaka chatha ndinabayitsa mu Novembala. Patangopita masiku anayi ndinagwa nacho chimfine, mphuno kutsekeka, pakhosi kuwawa, mpaka ndinajomba mashifiti atatu. Ine ndimagwira kudzera ku agency, tsiku losagwira ndi tsiku losalipidwa. Chaka chino ndiye zanyanya, amatiyeza kutentha kwa thupi pakhomo tisanalowe, ukangotentha pang'ono akubweza. Kuno ku Manchester talowa Tier 3 dzulo, gawo la malamulo okhwima kwambiri a corona. Lendi ikundidikira, fizi ya mwana wa mchemwali wanga ku Ntcheu, feteleza wa amayi mvula isanagwe, zonsezi zikuyang'ana mkono womwewu. Ndibayitse, kapena ndidikire mliriwu udutse kaye? Paja safunsa anadya phula.

Limbani, 08:09
Achemwali, musayerekeze. Simunamve za ku South Korea? Anthu oposa 40 amwalira sabata ziwiri zokhazi atangobayitsa katemera yemweyo. Winanso anandiponyera uthenga woti ku America anapeza kuti obayitsa wa fuluwenza amatenga corona mosavuta, akuti ndi 36 pa 100 kuposa osabayitsa. Ine zaka 9 ndili ku Leeds kuno sindinabayitsepo, ndimu, jinja ndi adyo basi, ndili gwa.

Kondwani wa ku Joni, 08:31
Ine sindikutsutsa katemera, koma ndingonena zimene taona kuno. Nyengo yathu yozizira yatha mu Ogasiti, ndipo fuluwenza chaka chino sinaoneke n'komwe. Zaka zonse mu Juni kuntchito kumakhala anthu atatu anayi agona, chaka chino zii. A NICD omwe amalondoloza matendawa ananena kuti sanaipeze kwenikweni, ku Australia ndi ku Chile nako chimodzimodzi. Masiki, kusamba m'manja, sukulu kutseka, ndege kuima. Ndiye ngati kwanuko mukuvalanso masiki, mukubayitsiranji matenda omwe kulibe?

Anesi Nabanda, 09:15
Ndili pa buleki, ndiyankha pang'onopang'ono. Ndiyambe ndi inu Mayi a Tadala, chifukwa vuto lagona pa chilankhulo chathu. Ife chilichonse chotulutsa mamina timati chimfine. Koma pali matenda awiri osiyana. China ndi chimfine wamba, choyetsemula ndi kutseka mphuno, munthu nsima akudya, ntchito akugwira. Chimenecho chimabwera ndi tizilombo tamitundu yoposa 100, ndipo katemera wake kulibe. Fuluwenza ndi ina. Imagwira mwadzidzidzi ngati malungo, mmawa uli bwino, masana thupi lonse laphwanya, ukunjenjemera, kudzuka kupita kuchimbudzi kokha ndi nkhondo. Katemerayu ndi wa yachiwiriyi basi.

Jakisoni amene akuluakulu timalandira mulibe kachilombo kamoyo, ndiye sangakupatseni fuluwenza. Komanso thupi limatenga pafupifupi masabata awiri kuti limange chitetezo. Zimene munadwala patapita masiku anayi zija, momwe mwafotokozeramo, chinali chimfine wamba chomwe chinakupezani mu Novembala monga chimapezera aliyense.

Mayi a Tadala, 09:22
Ndamva asisi. Koma zotentha thupi atakubaya zilipo ndithu, si choncho? Ine mantha anga ali pamenepo.

Anesi Nabanda, 09:40
Zilipo, sindingakunamizeni. Ambiri mkono umawawa tsiku limodzi kapena awiri. Ena amamva kutopa, mutu, ndi kutentha thupi pang'ono, koma sizidutsa masiku awiri. Malangizo amene tapatsidwa chaka chino akuti kutentha kotereku pakokha si chifukwa chodzitsekera m'nyumba, pokhapokha pali zina zoonetsa corona monga chifuwa chosalekeza kapena kusamva fungo ndi kukoma kwa chakudya. Koma ndikudziwa kuti woyeza pakhomo uja sakafunsa zonsezo, akangoona nambala pa kamakina kake akubwezani. Ndiye bayitsani mmawa mukangoweruka shifiti yomaliza, pomwe kutsogolo kuli masiku awiri opuma. Ine ndinatero, ndinabayitsa pa 6 mwezi uno.

Tsono muwerengenso mbali inayo. Mukadwala fuluwenza yeniyeni chaka chino, palibe angaisiyanitse ndi corona ndi maso. Mudzafunika kukayezetsa, kukhala m'nyumba kudikira zotsatira, ana anu osapita kusukulu, bambo a Tadala osapita kuntchito. Ngakhale zotsatira zituluke zabwino, fuluwenza yokha imagoneka munthu sabata yathunthu, ndipo ndi mphumu yanuyo itha kutsikira m'mapapo n'kukhala chibayo. Sick pay, ndalama imene lamulo limati wantchito alandire akadwala, ndi £95.85 pa sabata. Ndalama imeneyo lendi siyikwana.

Limbani, 09:51
Nanga za ku Korea mwazilumpha bwanji anesi? Anthu afa kumeneko, si nthano.

Anesi Nabanda, 10:20
Sindinazilumphe achimwene, amandiyitana ku wodi. Anthu amwaliradi, ndipo maliro ndi maliro. Koma taonani mmene zilili. Dziko limenelo likubaya anthu mamiliyoni m'masabata ochepa, ndipo pakati pawo pali okalamba ambiri a zaka 70 ndi 80. Mutasonkhanitsa agogo mamiliyoni n'kuwapatsa kapu ya tiyi lero, pofika mawa ena mwa iwo adzakhala atamwalira, chifukwa tsiku lililonse okalamba amamwalira ndi mtima, sitiroko ndi zina. Funso ndi lakuti kodi akufa ambiri kuposa masiku onse? Akuluakulu a zaumoyo kumeneko apima matupi a ena mwa omwalirawo, apeza matenda a mtima ndi ena omwe anali nawo kale, ndipo anena kuti sakuona kuti katemera ndiye wawapha. Ntchito yobaya sanayimitse.

Za 36 pa 100 zija ndinazifufuza mwezi wa Meyi, chifukwa mlamu wanga ananditumiziranso. Kafukufukuyo alipodi, anachitika pakati pa ogwira ntchito ku nthambi ya zachitetezo ku America, koma ndi wa nyengo yozizira ya 2017 mpaka 2018. Covid kunalibe nthawi imeneyo. Ma coronavirus amene ankanena ndi aja akalekale oyambitsa chimfine wamba. Ofufuza a ku Canada atabwereza anapeza kuti panali cholakwika pa kawerengedwe, ndipo m'kafukufuku wawo sanaone kuti katemera wa fuluwenza akuwonjezera chiopsezo chotere.

Limbani, 10:34
Inu a chipatala nthawi zonse mumati palibe vuto. Tsiku lina mudzatiuze kuti katemera analakwitsapo.

Anesi Nabanda, 10:58
Ndikuuzani lero lomwe. Mu 1976 ku America anabaya anthu oposa 40 miliyoni poopa fuluwenza ya nkhumba yomwe sinafalikire n'komwe, ndipo anthu mazana angapo anadwala matenda ofoola miyendo otchedwa Guillain-Barré. Ntchitoyo anayimitsa. Mu mliri wa 2009 kunali katemera wotchedwa Pandemrix, ndipo ku Finland, ku Sweden ndi kuno komwe ana ena anayamba matenda ogona mwadzidzidzi masana, amene satha. Mabanja amenewo akuvutika mpaka lero. Katemera ameneyo sagwiritsidwanso ntchito. Wa chaka ndi chakayu, Guillain-Barré amapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa miliyoni iliyonse yobayidwa, ndipo fuluwenza yeniyeniyo imayambitsanso matenda omwewo kuposa katemera.

Chofooka chake chachikulu si chimenecho. Ndi chakuti sateteza mokwanira. Kachilombo ka fuluwenza kamasintha chaka chilichonse, ndiye a WHO amakhala pansi mu Febuluwale kusankha mitundu yomwe akuganiza kuti idzavuta kuno kumpoto nyengo yozizira ikadzafika, ndipo mu Seputembala amasankhira a kummwera ngati a Kondwani. Zaka zomwe alasa bwino, katemera amachepetsa kudwala ndi 40 mpaka 60 pa 100. Zaka zina amaphonya, chitetezo n'kutsika kuposa pamenepo. Si ngati wa chikuku amene tinkabaya ku sikelo, woti mwana akalandira kawiri nkhani yatha. Komanso corona sateteza ngakhale pang'ono, wina asabayitse n'kutaya masiki.

Bambo Mbewe, 11:30
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga. Za manambala ndisiyira anesi. Ine ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi ku Ntcheu, ndipo iwo zaka zawo sankazidziwa, ankangoti ndinali nditangotha msinkhu chaka cha fuluwenza. Chimenecho ndi chakumapeto kwa 1918, nkhondo ya Jeremani itangotha, amtengatenga ndi asilikali akubwerera kumudzi. Ankafotokoza kuti pamudzi panasowa wotunga madzi, aliyense ali gone, mbuzi zili m'khola mpaka dzuwa kupendeka. Adzukulu okumba manda nawo anadwala, maliro ena anayikidwa opanda wolira. Mchimwene wawo anamwalira Lachiwiri, mkazi wake Lachisanu. Akamanena zimenezi ankasiya kusenda nyemba, manja ali pamiyendo, n'kumangoyang'ana kudambo. Dziko lonse lapansi akuti linataya anthu pafupifupi 50 miliyoni. Sindikunena kuti fuluwenza ya chaka chino ndi yomweyo ayi. Koma dzina limeneli kwathu silinali la chimfine. Ine ndili ndi zaka 68, ndi shuga, ndipo ndinabayitsa sabata yatha ku Nottingham kuno. Mkono unalemera usiku umodzi.

Mayi a Tadala, 11:41
Zikomo bambo. Amayi anga ankatchulanso chaka chimenecho, koma sindinafunsepo bwino.

Kondwani wa ku Joni, 12:05
Nkhani ya agogo yandikhudza bambo. Kunonso mwezi wa Okutobala 1918 amaukumbukira, anthu anafa ochuluka zedi ku Cape Town ndi ku Kimberley. Koma funso langa lija silinayankhidwe. Ngati fuluwenza yathawa masiki kuno, bwanji isathawe kumeneko?

Anesi Nabanda, 13:12
Funso lanu ndi limene likundivuta kwambiri pa onse, achimwene. Zitha kutheka ndithu kuti kuno nako siibwera, ndipo ndikupemphera zitero. Zikatero, obayitsa adzakhala atapweteka mkono pachabe. Koma inu nyengo yozizira inakupezani malire ali otseka, sukulu zikungotsegulidwa pang'onopang'ono, ngakhale mowa woletsedwa. Kuno sukulu zonse zinatsegula mu Seputembala, ophunzira a ku yunivesite abwerera, mabasi akuyenda. Katemera sungamubaye fuluwenza itafika kale pakhomo, chifukwa cha masabata awiri aja. Uyenera kusankha pano, usanadziwe.

Chomwe ine ndikuona ndi maso ndi mabedi. Wodi yathu inali ya odwala mafupa, pano ndi ya Covid. Lachinayi usiku tinali ndi agogo ena pa kabedi kamatayala mukhonde, mwana wawo akuyimba foni kanayi chifukwa saloledwa kulowa, ife tikudikira wina atuluke kuti tipeze malo okhala ndi oxygen pakhoma. Apo ndi Okutobala, Januwale asanafike. A Public Health England, nthambi ya boma yoona zaumoyo, amati pa chaka fuluwenza imapha anthu pafupifupi 11,000 mu England muno, zaka zina ochepa, zina ochuluka. Anayang'ananso odwala a Januwale mpaka Epulo chaka chino, n'kupeza kuti amene anagwidwa ndi fuluwenza ndi corona pamodzi ankamwalira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi a corona yekha. Anthu ake anali 58 okha, ndiye si chiwerengero chomangirapo nyumba, koma ine sindingafune kukhala wa 59. Katemera wa corona sitinamuone. Pa adani awiriwa, mmodzi yekha ndiye tili ndi chomutchingira.

Ndipo Mayi a Tadala, inu usiku wonse mumatembenuza agogo, kuwasambitsa, kuwamwetsa madzi, nkhope yanu ili pafupi ndi yawo. Okalamba katemera sawagwira mwamphamvu ngati ife, n'chifukwa chake a zaka 65 kupita mtsogolo amapatsidwa wina wowonjezera mphamvu. Munthu atha kupatsira ena fuluwenza tsiku limodzi asanayambe kumva kudwala.

Che Amidu, 14:02
Salaam abale. Langa ndi lina. Mwana wanga wa Year 3 wabwera ndi fomu kuchokera kusukulu, akuti awapopera katemera m'mphuno. Ndamva kuti mmenemo muli zochokera ku nkhumba. Zoona? Fomu ili pa firiji sabata yachiwiri, mayi ake akuti ndisainire, ine dzanja likukana.

Anesi Nabanda, 14:25
Zoona Che Amidu. Wopopera m'mphunoyo dzina lake ndi Fluenz Tetra, ndipo muli gelatine wochokera ku nkhumba, woyeretsedwa kwambiri, amene amathandiza kuti mankhwala asawonongeke. Mashehe ena amalola, ena salola, zimenezo mukambirane ndi a kumzikiti kwanu. Koma musangotaya fomuyo. Chaka chino alola kuti ana amene makolo awo akana wopopera pa chifukwa chimenechi alandire wa jakisoni, yemwe mulibe gelatine, malinga akapezeka wokwanira. Lembani pa fomupo chifukwa chanu, ndipo muwayimbire a timu yobaya kusukuluko. Wopoperayo amamukonda kwa ana chifukwa amagwira bwino pa msinkhu umenewo, ndipo ana ndi amene amatuta fuluwenza kusukulu kubwera nayo kwa agogo.

Che Amidu, 14:31
Zikomo kwambiri asisi. Za jakisoniyo palibe anandiuza. Ndiyimba Lolemba.

Thoko, 15:47
Pepani ndilowerere. Ndine woyembekezera, miyezi isanu. Azamba akuti ndibayitse, apongozi anga pa foni kuchokera ku Balaka akuti ndisayerekeze kulowetsa chilichonse m'thupi mpaka ndichire. Ndakhala ndikulira nazo.

Anesi Nabanda, 16:20
Usalire mng'ono wanga. Apongozi akunena chifukwa chokukonda iwe ndi mdzukulu wawo. Uwakumbutse kuti ku sikelo ya amayi apakati kwathu timabaya wa kafumbata, ndipo iwonso mwina anabayitsa. Mayi wapakati chitetezo chake chimatsika, mapapo amapanikizika mimba ikamakula, ndiye fuluwenza imamugwetsa kuposa mayi wina. Mwana wosakwana miyezi 6 sangabayidwe, amadalira chitetezo chimene watenga kwa mayi ali m'mimba. Zimenezi anazifufuza kwa a Kondwani komweko, ku Soweto, motsogozedwa ndi Pulofesa Shabir Madhi, zotsatira zinatuluka mu 2014. Amayi obayidwa ali oyembekezera, kudwala fuluwenza kunatsika ndi theka kwa iwo ndi kwa makanda awo omwe. Amayi omwe ali ndi HIV anatetezedwanso. Ukhoza kubayitsa mwezi uliwonse wa pakati, ndipo kwa iwe ndi ulere.

Pa HIV pomwepo, ndikudziwa kuti pagulu pano sitingatchulane, koma amene akumwa ma ARV amve. Ku Queens ku Blantyre, komwe ndinayambira ntchito, anachita kafukufuku n'kupeza kuti akuluakulu omwe ali ndi kachilombo amadwala fuluwenza kawirikawiri, ndipo ikawagwira imawagwira kwambiri. Kuno muli pa mndandanda wolandira ulere. Mutha kufunsa ku kiliniki yanu yomwe mumapita, simukuyenera kufotokozera wina aliyense.

Limbani, 17:03
Chabwino, za amayi apakati ndi odwala ndamva. Koma ine ndili ndi zaka 41, sindidwala, ndimayendetsa vani ndekhandekha. Ndiperekerenji mapaundi 13 ku famase?

Anesi Nabanda, 17:30
Inu sindingakukakamizeni, ndipo kunena zoona phindu lanu ndi lochepa poyerekeza ndi la Mayi a Tadala kapena Thoko. Chaka chino katemera akuperewera, ma famase ena asiya kulemba anthu olipira okha. Ngakhale a zaka 50 mpaka 64, omwe boma lalonjeza kuti alandira ulere koyamba, awauza kuti adikire ayambe aja ali pachiopsezo. Ngati m'nyumba mwanu mulibe wokalamba, khanda kapena wodwala, kudikira kwanu si mlandu. Ndimu ndi jinja pitirizani, zimafewetsa pakhosi. Chokhacho ndikupemphani, uthenga wa 36 pa 100 uja musautumizenso kwina, chifukwa ukafika kwa munthu wa mphumu n'kumubweza panjira.

Limbani, 17:44
Umenewo ndaufufuta. Koma kubaya ine ayi, ndionera kaye za ku Korea zitha bwanji.

Aphunzitsi Chimwemwe, 19:10
Ife tili ku Lilongwe kuno tikungowerenga, mitima ikuwawa. Inu mukukambirana zokana katemera waulere, kuno kuchipatala cha boma katemera wa fuluwenza sali pa mndandanda n'komwe. Amayi anga ali ndi shuga ndi BP, Juni aliyense amagwa ndi chifuwa, timangowafukiza masamba a bulugamu, afunde bulangete pamwamba pa beseni mpaka thukuta kamukamu. Anti, simungatitumizireko wina akamabwera pa Khirisimasi?

Anesi Nabanda, 19:38
Mwana wanga, zimenezo sizingatheke. Katemera amasungidwa mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, mu sutikesi angafike atawonongeka. Komanso kwanuko amafunika wa kummwera, amene amatuluka cha mu Malichi kapena Epulo, kuzizira kusanayambe. Nthawi imeneyo ikakwana ufunse ku zipatala zolipira ndi ma famase akuluakulu mumzindamo, ndipo ukamupeza undiuze mtengo, tidzasonkherana. Pakali pano chachikulu mankhwala a shuga ndi BP asadumphe, ndipo akayamba kupuma mobanika usadikire bulugamu, thamangira nawo kuchipatala. Pofukizapo usamale, madzi owira awotcha agogo ambiri miyendo.

Lachiwiri, 27 Okutobala 2020

Mayi a Tadala, 10:16
Abale, ndabwera kudzanena mmene zayendera. Dzulo mmawa nditaweruka ndinapita ku famase ina pafupi ndi kwathu, anandibweza kuti watha, ndibwere pakatha masabata atatu. Ndinatsala pang'ono kukwera basi n'kuiwala zonse. Ndinayimba kwa a GP, anati ndifike 11 koloko. Anatiyimika panja pa malo oyimika magalimoto, motalikirana, mvula ikuwaza, kutsogolo kwanga kuli agogo ena a ndodo atavula kale jekete dzanja limodzi. Nesi anandifunsa ngati mazira amandiwenga komanso ngati ndikutentha thupi, kenako anabaya kumanzere, sizinathe ndi mphindi ziwiri. Usiku ndinalephera kugonera mbali imeneyo, ndinamva kuzizidwa pang'ono, ndinamwa panado. Mmawa uno ndadziyeza, 36.8. Shifiti yanga ndi ya mawa usiku.

Thoko, 10:29
Ine andilemba Lachisanu. Apongozi ndawafotokozera za kafumbata zija, anakhala chete kenako anati ufunsenso azamba kawiri. Ndifunsa.

Aphunzitsi Chimwemwe, 11:02
Anti Nabanda, ndalemba pa kalendala, Malichi. Ndidzakukumbutsani.